Funsani Mmisiri: Kodi ku Chionetsero cha ku Dubai Kunali Chiyani cha Ife?

Moni nonse owerenga tsamba lino. Kuno ku Dedza chisanu chayamba kuluma, m'mawa phiri silikuoneka ndi chifunga, ndipo ndikulemba nditadzikuta jekete pakhonde la shopu yanga ya zamagetsi. Mwezi wathawu, poyankha funso la mapampu a sola, ndinangotchula modutsa kuti mu 2022 ndinakaonako chionetsero chachikulu cha mayiko ku Dubai. Mawu ochepawo autsa makalata ambiri. Ndasankhapo asanu, ena ndawafupikitsa.

Bambo mmisiri, ndine mnyamata wa zaka 27, ndimalima kachewere ndi kabichi. Chaka chino Mulungu wandikomera mtima, ndapezako kangachepe. Ndikaona pa Facebook zionetsero za makina atsopano kunjako, mtima umandiuluka. Kodi n'kwanzeru kusunga ndalama kuti ndidzapiteko, kapena n'kungotaya? Nanga inuyo munaonako chiyani chenicheni?
Mlimi wachinyamata, Bembeke

Achimwene, ndiyambe ndi mmene ndinapitira, chifukwa theka la yankho lili momwemo. Sindinapite ndi ndalama za m'thumba mwanga zokha. Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito mu hotela ina ku Dubai. Iyeyo ndiye anandithandiza tikiti ya ndege, ndipo ndinkagona pa matiresi m'chipinda chake. Pakadapanda iye, bwenzi nanenso ndikuonera pa foni ngati inu.

Chionetserocho chimatchedwa Expo 2020, ngakhale chinachedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Chinatsegulidwa pa 1 Okutobala 2021, n'kutsekedwa pa 31 Malichi 2022. Zionetsero za mtundu umenewu n'zakale ndithu. Choyamba chinachitikira ku London mu 1851, ndipo nsanja yachitsulo ya Eiffel imene mumaiona pa zithunzi za mzinda wa Paris anaimangira chionetsero cha 1889. Masiku ano chachikulu chimabwera pakapita zaka zisanu. Ku Dubai kunasonkhana mayiko 192, lililonse ndi nyumba yakeyake, pa malo oposa maekala 1,000. Inu mumadziwa kutalika kwa ekala imodzi mukamapalira, ndiye werengerani nokha.

Ndinanyamuka mu Febuluwale. Mukumbukira kuti kumapeto kwa Januwale chaka chimenecho namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Chikwama changa ndinalongedza ndikuwalitsa ndi foni. Basi mpaka ku Lilongwe, ndege pa bwalo la Kamuzu, kusintha ku Addis Ababa, kenako usiku ndinasuzumira pawindo n'kuona mzinda ukuyaka ngati moto wolusa m'phiri nthawi ya chilimwe, kuyambira kunyanja mpaka kuchipululu. Misozi inalengeza m'maso. Ndinakumbukira ana a mnansi wanga amene ndinawasiya akuwerengera mayeso pa kandulo imodzi, mitu itagundana.

Tsiku loyamba ndinangothamangira zonyezimira. Sitima yamagetsi yopanda dalaivala inakatitula pachipata penipeni, ndipo anatilowetsa ataona kaye chiphaso cha katemera. Pakati pa malowo pali denga lalikulu lozungulira ngati dengu lovundikira, dzina lake Al Wasl, ndipo usiku lonselo limasanduka kanema, zithunzi zikuyenda pamwamba pa mitu ya anthu. M'nyumba ya zamaulendo ndinakwera chikepe chonyamula anthu oposa 100 nthawi imodzi. Timaloboti tachikasu chofiirira tinkayenda m'misewu kupereka moni, ana n'kumatithamangira. Ndinajambula mpaka batire la foni kutha, mapazi atatupa. Madzulo mwana wa mlongo wanga anandiikira tiyi n'kufunsa kuti, "Amalume, mwaphunzirako chiyani lero?" Ndinatsegula pakamwa koma panalibe chotuluka. Ndinali nditaona zambiri, osatolapo kanthu.

Usiku womwewo ndinatenga kope langa la ntchito, lija ndimalembamo miyeso ya mawaya, n'kulemba vuto limodzi lakwathu: madzi akwere bwanji kuchoka kumtsinje kufika kumunda popanda petulo. Pansi pake ndinalemba mafunso atatu ofunsa makina alionse. Chimadya chiyani? Chikafa amakonza ndani? Sipeya wake ndikamupeza kuti? Kuyambira m'mawa mwake chionetsero chinasanduka china. Nyumba zambiri ndinkangozidutsa, koma pamene pali madzi kapena dzuwa ndinkaima mpaka wogwira ntchito atopa nane.

Nyumba imene inandigwira mtima ndi Terra, yokamba za kusamalira chilengedwe. Denga lake n'lotambalala mamita 130, lodzaza mapanelo a sola, ndipo pozungulira pake panaima mitengo 18 yachitsulo. Mtengo uliwonse uli ndi mutu wophwatalala wa mapanelo, ndipo mutuwo umatembenuka pang'onopang'ono kutsata dzuwa monga amachitira mpendadzuwa usanakhwime. Ndinakhala pansi pa umodzi nthawi yaitali, ndikuika kamwala pamphepete pa mthunzi wake kuti ndione mmene ukusendera. Mtengo wotere palibe mlimi wa ku Bembeke angaugule, ndipo sakuufunanso. Koma nzeru yake njaulere. Panelo imabereka kwambiri ikayang'anizana ndi dzuwa maso ndi maso. Ife timangoikhomera pa denga kapena kuitsamiritsa pa mwala, m'mawa ndi madzulo dzuwa n'kumangoiomba cham'mbali. Nditabwerako ndinawotcherera kafelemu ka zitsulo zotsala, kokhala ndi mahinji a chitseko ndi ndodo ya mabowo atatu. Mlimi amatembenuza yekha katatu pa tsiku: m'mawa kuyang'ana kum'mawa, masana chagada, dzuwa likapendeka kumadzulo. Woyamba kuyesa anali bambo wina wa dimba la anyezi m'mbali mwa Linthipe. Pampu yake, imene inkadzuka dzuwa litakwera, inayamba kulavula madzi mame asanaume. Chinthu chachikulu chimene ndinabwera nacho ku Dubai ndi chimenecho, ndipo chinakwana pa tsamba limodzi la kope.

Ndinabweranso ndi bala, ndipo sindikubisirani. Ndinakumana ndi munthu wa kampani ina, wolankhula mokoma, amene anandionetsa pa foni pampu yokongola. Mafunso anga atatu ndinafunsa, koma pa la sipeya anangoti "tidzakutumizirani", ine n'kukhutira. Nditafika kuno ndinaitanitsa imodzi. Inagwira bwino miyezi inayi, kenako mphezi inapsereza kabokosi koyendetsa. Ndinafunafuna ku Lilongwe, ku Blantyre, osapeza. Makalata anga sanayankhidwe. Mpaka lero ili pansi pa benchi langa, ndipo mlimi amene ndinamuikira ndinamubwezera ndalama zake pang'onopang'ono. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa chionetsero chilichonse chinthu chimaoneka pa tsiku lake labwino, chopukutidwa, mwini wake ali pambali. Sichikuonetsani mmene chimakhalira chikamwa madzi amchenga a mu Okutobala.

Tsono funso lanu. Ndalama ya kachewere ya chaka chino musakwerere ndege. Kulowa pachipata sikunali kodula kwenikweni, tikiti ya tsiku limodzi inali madirham 95, ndalama za kumeneko, koma ndege, visa, pogona ndi chakudya ndi zimene zimadya munthu, ndipo zingakumalizireni zokolola zonse. Ikani ndalamayo pa madzi. Yezani kaye kuti kuchoka pamadzi kufika pamwamba pa munda wanu ndi mamita angati chokwera, mtunda wa paipi ndi wotani, ndipo mumafuna malita angati pa tsiku. Wogulitsa amene sakufunsani zitatuzi musamugule. Dziwaninso kuti pampu yokhala pamtunda siyamwa madzi akuya kupitirira mamita 7 kapena kuyandikira apo, kupyola pamenepo mufunika yomiza. Ndipo m'malo mogula mabatire, gulani thanki muike pamalo okwera. Kusunga madzi n'kotsika mtengo kuposa kusunga magetsi, komanso thanki siifa pakatha zaka ziwiri.

Njala ya maso musaiphe, chifukwa njabwino. Idyetseni pafupi kaye. Ku Chichiri ku Blantyre kumachitika chionetsero cha zamalonda komanso cha zaulimi, ndipo makina amene mungawaone kumeneko ali ndi eni ake m'dziko momwe muno, oti mutha kukawagogodera. Pakhomo panu pomwepo pali malo a kafukufuku wa zaulimi a Bembeke. Mukatsika chitunda kupita ku Golomoti, m'boma lathu lomweli, mupeza munda wa mapanelo wopanga mamegawati 20, wokhala ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi, umene unayamba ntchito mu 2022. Kalabu yanu ikapempha mwaulemu kukaona, mudzaphunzira zambiri pa mtengo wa minibasi. Chionetsero cha ku Osaka ku Japan chinatha mu Okutobala 2025, ndipo chachikulu chotsatira chidzakhala ku Riyadh ku Saudi Arabia mu 2030. Nthawi ilipo. Ngati kopaletivi yanu ingasonkhe n'kutuma munthu mmodzi ali ndi kope la mafunso a gulu lonse, pamenepo ndidzakuuzani kuti pitani.

Ine ndimagulitsa tomato pamsewu. Akachuluka timagulitsa motaya, otsala amaola n'kukatayidwa kuseri kwa msika. Kodi azungu kumeneko alibe mankhwala kapena makina oti tomato asaole?
Mayi wa pamsika, Lizulu

Mayi, kalata yanu yandikhudza, chifukwa milu ya tomato woola ija ndimaiona ndikamadutsa, ndipo ndimadziwa kuti mmenemo muli fizi ya ana. Mankhwala opopera kuti tomato asaole musawafune, ndipo wina akakugulitsani musalole, mungadwalitse anthu. Chimene chimaoletsa tomato msanga ndi kutentha ndi mabala.

Ku Dubai kunali kanyumba kena kotchedwa The Good Place, koonetsa anthu wamba a m'mayiko osiyanasiyana amene anapeza njira zothetsera mavuto a kwawo. Ndili pa mzere wolowera ndinacheza ndi bambo wina wa ku Nigeria, ndipo ndi iye amene anandifotokozera za zipinda zozizira za m'misika ya kwawo, za kampani ya ColdHubs. Chipindacho chimayendera sola, chili pamsika pomwepo, ndipo mayi sagula firiji ayi. Amangolipira kandalama pa kreti iliyonse pa tsiku, madzulo kuika, m'mawa kutenga. Chimene chinandisangalatsa si makinawo, popeza chipinda chozizira ngakhale ine nditha kulumikiza. Ndi kagawanidwe ka mtengo. Mayi mmodzi sangakwanitse, koma msika wonse wa Lizulu ungakwanitse. Nkhani imeneyi ipititseni ku komiti ya msika, ndipo mukaifotokoze ndi manambala: madengu angati amatayidwa pa sabata, a ndalama zingati. Chenjezo limodzi: tomato safuna kuzizira kwa firiji ya nyama. Wosapsa akazizidwa kwambiri sapsanso bwino ndipo amataya kukoma. Amafuna kuzizira kwa pakatikati, madigiri 12 kapena 13.

Podikira zimenezo pali zimene mungayambe mawa. Dengu lalikulu losanjikiza mpaka pamwamba limaphwanya a pansi, ndipo tomato wovulala ndiye amayambitsa chiolo kwa anzake. Makreti apulasitiki osanjikizana amapulumutsa ambiri. Uzani alimi amene mumawapikula kuti azithyola m'mamawa, tomato atangoyamba kusintha mtundu, ndipo asamuike padzuwa. Pa benchi panu kokani mthunzi, ngakhale wa chiguduli.

Palinso njira ya miphika iwiri, imene mphunzitsi wina wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, anaifalitsa m'zaka za m'ma 1990. Mutenga mtsuko waukulu wadothi wosapaka utoto, muikamo wina wocheperapo, pakati pake muthira mchenga ndi kuunyowetsa, pamwamba muvundikira nsalu yonyowa, n'kuika pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma kudzera m'khoma la mtsuko amachoka ndi kutentha, monga thukuta limaziziritsira thupi. Muzithira madzi mumchengamo kawiri pa tsiku. Imagwira bwino nyengo yotentha ndi youma, Seputembala mpaka mvula isanagwe, koma nthawi ya dzinja mphamvu yake njochepa. Siingasunge ngolo yonse, koma otsala a lero afika nawo mkucha ali olimba. Oumba mbiya ku Ntcheu ndi ku Dedza sitisowa.

Mdzukulu wanga akuti kumeneko amatunga madzi mumpweya, ndipo kuli tindege topanda munthu ndi zidole zogwira ntchito. Ine ndakalamba, sindifuna kunamizidwa. Kodi n'zoona, kapena ndi matsenga? Nanga zidolezo zikachuluka ana athu adzagwira chiyani?
Gogo wa ku Mtakataka

Agogo, ndagwada. Mdzukulu wanu sananame, ndipo matsenga palibepo. Inu mwaona mame pa udzu m'mawa kopanda mvula. Mwaonanso botolo la Fanta lozizira likuchita thukuta kunja kwake. Madzi amenewo sachokera m'botolo, amachokera mumpweya, umene nthawi zonse umanyamula chinyontho chosaoneka. Ukakhudza chinthu chozizira umachitula.

Ndinaziona ndi maso anga m'nyumba ya dziko la Netherlands. Polowa anatipatsa maambulera oyera, ine n'kumadabwa kuti ambulera wa chiyani m'chipululu. Tinatsikira m'kati mwa chulu chachikulu chosongoka, chotalika ngati mtengo wa bulugamu wokhwima, kunja kwake kutamera ndiwo zamasamba, m'kati mwake mumdima mukumera bowa. Tinatsegula maambulera, zithunzi n'kuyamba kuoneka pa nsalu yake pamwamba pa mitu yathu. Kenako kuchokera kunsonga ya chuluyo madzi anayamba kugwa ngati mvula. Anali madzi otengedwa mumpweya wa m'chipululu ndi makina oziziritsa oyendera dzuwa. Fungo la dothi lonyowa linandikumbutsa mvula yoyamba kwathu. Koma ndinafunsa funso langa lija, chimadya chiyani, ndipo yankho n'lakuti chimadya magetsi ambiri kuti chipereke madzi ochepa. Kwa anthu a m'chipululu n'chamtengo wapatali. Kwa inu, amene nyanja ili pafupi ndipo mitsinje imatsika m'phiri, mjigo wosamalidwa bwino ndi thanki ya madzi a padenga zimaposa makinawo kutali.

Tindege topanda munthu, timene achinyamata amati madroni, simufunika kupita ku Dubai kuti mutione. Mu 2017 boma lathu ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyesera tindegeti ku Kasungu, ndipo tindegeti takhala tikunyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa kupita kuzipatala zovuta kufikako. Ku Rwanda tindegeti tinayamba kunyamula magazi a odwala mu 2016. Pali munthu pansi amene amatiuza njira pa kompyuta.

Za ntchito za ana, nkhawa yanu njoona ndipo sindiipeputsa. Makina amalanda ntchito zina. Inu mukukumbukira mmene chigayo chinachotsera amayi pa mtondo, ndi mmene foni inathetsera ntchito ya olembera anthu makalata. Koma ku Dubai ndinaona chinthu chimene makamera sajambula. Kuseri kwa nyumba ina ndinapeza anyamata awiri atagwada, atatsegula msana wa kaloboti, wina atagwira sikuludiraiva, wina mita yoyezera magetsi yofanana ndi yanga. Chidole chija chinali chitaima, ndipo popanda iwo chikadakhala chitsulo chabe. Mdzukulu wanuyo, ngati amakonda kumasula wailesi, musamukalipire. Mupezereni yakufa aziphunzirirapo.

Ndili Fomu 3. Ndinapanga bokosi loswetsera mazira ndi katoni, babu ndi batire la njinga yamoto. Pa mazira 12 anaswa 5. Anzanga amandiseka. Kodi mwana wa kumudzi ngati ine angafike pa zionetsero zoterozo?
Mtsikana wa sekondale, Ntcheu

Mwana wanga, anapiye asanu otuluka m'katoni si nkhani yoseketsa. Amene akukusekawo aswetsa angati? Ine kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaionetsa anyamata a pashopu pano.

Tiyambe ndi mazira asanu ndi awiri amene sanaswe, chifukwa mphunzitsi wako weniweni ndi amenewo. Dzira la nkhuku limatenga masiku 21 ndipo limafuna kutentha kosasinthasintha, pakati pa madigiri 37.5 ndi 38. Babu payokha siidziwa kuzima kukatentha, ndipo usiku kwanuko kumazizira, choncho ndikukayikira kuti kutentha kunkakwera ndi kutsika. Peza chipangizo choyezera kutentha, ngakhale chija cha kuchipatala, ndipo ukatha kusunga kandalama ugule kabokosi kozimitsa ndi kuyatsa kokha, kamene timati thermostat. Ika kambale ka madzi m'katimo kuti mpweya usaume, boola timabowo topumira, ndipo uzitembenuza mazira katatu pa tsiku kapena kuposa, utalemba chizindikiro ndi pensulo mbali imodzi kuti usasokonezeke. Pa tsiku la 18 usiye kutembenuza, uwonjezere chinyontho. Pakatha sabata uunike dzira lililonse ndi tochi mumdima. Lopanda timitsempha tofiira kawirikawiri limakhala loti linalibe tambala, ndipo limenelo si mlandu wa bokosi lako.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi kope. Lemba tsiku, nthawi, kutentha, chimene wasintha, ndi zotsatira. Pa chionetsero chilichonse chimene ndafikapo, anthu ozindikira safunsa kuti chinthu n'chokongola bwanji. Amafunsa kuti wayesa kangati ndipo chinalephera pati. Wokhala ndi kope amayankha, wopanda kope amangolumbira.

Ngati mwana wa kumudzi angafike? William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, pamene anamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi zitsulo zotola, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Mu 2007 anakaima pa msonkhano wa TED ku Arusha ku Tanzania kufotokozera dziko. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anakonzedwa mogwirizana pakati pa yunivesite ya Rice ya ku America ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo oyambirira ankagwiritsa timapampu ta mpweya ta m'mabokosi owetera nsomba. Zinthu zazikulu zimayamba zikuoneka ngati katoni yakoyo. Mu 2020 m'dziko muno munatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa madroni, ndipo mayunivesite a MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa uinjiniya kwa atsikana ndi anyamata omwe. Khomo lolowera ndi masamu ndi fizikisi pa mayeso a Fomu 4, ndiye bokosi lisakulande nthawi ya mabuku. Uwaonetse aphunzitsi ako a sayansi, uwapemphe akulembetse pakakhala mpikisano wa sayansi wa masukulu. Ukaswetsanso undilembere, undiuze kuti pa 12 atuluka angati.

Kodi Malawi inali nayo nyumba kumeneko? Ana anga a Sitandade 7 andifunsa.
Mphunzitsi wa pulayimale, Mayani

Aphunzitsi, auzeni anawo kuti inalipo, mbendera yathu ikupepeza pakati pa zinzake. Chionetsero cha ku Dubai chinali choyamba kupatsa dziko lililonse nyumba yakeyake, ngakhale mayiko ochepekedwa. Yathu sinali ya zitsulo zotembenuka kapena mvula yogwa m'nyumba, inali mwa zing'onozing'ono. Ndinaipeza tsiku lachitatu, nditatopa ndi Chingerezi cha mitundumitundu, ndipo nditangoti "muli bwanji" wina n'kuyankha "ndili bwino, kaya inu", mawondo anachita kufooka. Ndinakhalamo nthawi yaitali kuposa mmene ndinakhalira m'nyumba za mayiko olemera.

Chiyambire tsikulo ndimaganizira zimene ndikadaikamo ndikadafunsidwa. Pakhomo ndikadaika chithunzi cha zojambula za pa miyala ya ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuti mlendo adziwe kuti kuno anthu anayamba kale kusiya maganizo awo pa mwala. M'katimo ndikadaika makina a Pumani akugwira ntchito, mbaula yadothi yosatha nkhuni, mitsuko iwiri ya mchenga pakati ili ndi tomato wa ku Lizulu woti mlendo agwire ndi dzanja amve kuzizira, ndi katoni ya mtsikana wa ku Ntcheu uja, kope lake lili pambali. Ntchito ya ana anu ikhale iyi: aliyense ajambule chinthu chimodzi cha m'mudzi mwawo chimene angakonde kuti chikaonetsedwe ku Riyadh mu 2030, alembe pansi pake vuto limene chimathetsa. Zojambulazo munditumizire kudzera kwa akonzi, zitatu ndidzazisindikiza pa tsamba lino mwezi wa mawa.